Ndani Adzale Nzama

Guilleme, Mchinji
3 Febuluwale 2025

Za pakhomo pano monga zilili lero:

Chimanga: matumba 4 ndi theka
Mtedza wosaswa: matumba 2
Mbuzi: 5
Nkhuku: 11. Zinali 13. Kabawi anatenga imodzi, Rodrick inayo
Nzama zofiira zambewu zotsala mumtsuko: njere 1,840
Ana amene ndinabereka: 3. Amoyo: 2
Mdzukulu: 1
Makalata ochokera kwa iwe chichokere kuno: 2019: 9; 2020: 7; 2021: 0; 2022: 2; 2023: 3; 2024: 3

Wokondedwa mwana wanga Dyna,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ulayako pamodzi ndi amuna ako a Aleck. Ife kuno tadzuka. Mwana wako Lonjezo anakhala nambala 2 mu Sitandade 4 teremu yatha. Akanakhala woyamba akanapanda kuthamangira masamu ogawa.

Mlongo wako Rodrick wanditsegulira mawu amene unatumiza pa foni yake. Ndinamuuza awabwereze katatu poganiza kuti makutu ayamba kundinamiza. Ine sindiyankha polankhula ndi foni ngati wamisala wa pamsika. Ndilemba, iye ajambule pepalali akutumizire.

Ngati ndamva bwino, anthu asanu ndi mmodzi mukufuna kudzitsekera m'chitini chachikulu chopanda zenera kwa chaka chathunthu, kuti muyesere mmene anthu adzakhalire paulendo wa ku Mars. Madzi amene muzidzamwa ndi omwewo amene muzidzakodza. Ndinaphunzitsa zaka 34, ndipo sindinakumanepo ndi mwana, ngakhale mbuli yotsiriza ya Sitandade 1, woti ndichite kumuuza kuti mkodzo samwa. Iwe wachita kuwoloka nyanja n'kutenga madigiri atatu kuti uiwale zimenezi.

Zoti ndikutumizire nzama zanga ukadzale m'chitinimo, ayi. Kumeneko kuli masitolo aakulu kuposa tchalitchi chathu. Kagule nyemba kumeneko.

Nsapato za Lonjezo zathina. Tsopano akuvala nambala 3.

Mayi ako,
Esitele Nankhoma


12 Febuluwale 2025

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndasangalala kumva kuti muli bwino ndiponso za mayeso a Lonjezo. Nsapato ndatumiza kale.

Si chitini, Amayi. Ndi nyumba yomatidwa kotheratu, yokhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi munda wa pa mashelefu wowunikidwa ndi magetsi. Ulendo wa ku Mars, kupita ndi kubwerera, ndi wa zaka zoposa ziwiri, ndipo panjira palibe lole yobweretsa ufa. Chilichonse chiyenera kuzungulira. Mkodzo umadutsa m'makina osefa n'kutuluka madzi oyera kuposa a pa mjigo wathu. Mpweya umene timatulutsa popuma mbewu zimautenga n'kutibwezera wabwino. Za m'chimbudzi ndi mapesi zimasanduka manyowa. Musaope, makina alionse ofunika alipo awiri, ena akafa anzake amadzuka.

M'nyumbamo malo a wolima za m'gulu la nyemba ndi amodzi okha, ndipo tikuwalimbirana awiri: ine ndi nzama, ndi mnyamata wina amene akubwera ndi soya. Ndathera zaka zisanu ndikuwauza anthu kuno kuti nzama sizifuna madzi ambiri, zimadzipangira chonde m'mizu, ndipo munthu angakhale ndi moyo nthawi yaitali akudya zokhazo. Tsopano akundimvera. Vuto ndi lakuti zimene ndinapeza kosungira mbewu kuno zimachedwa kukhwima. Zanu zofiira zija zimakhwima pa miyezi itatu ndi theka, ndiponso sizitalika. Zili ngati munkazisankhira mashelefu athuwa zaka zonsezi.

Ndikufuna njere 600 zokha. Zifike kuno pasanafike pa 30 Meyi, chifukwa ziyenera kukhala pazokha miyezi itatu akuziyeza matenda, chitseko chisanatsekedwe pa 1 Sepitembala. Zikapanda kufika, malowo atenga mnyamata wa soya uja, ndipo zaka zanga zisanu zapita pachabe. Chikalata cha boma chololeza mbewu kutuluka ndinakonza kale, chili ndi Rodrick.

Chonde, Amayi. Sindinakupempheni kanthu chichokere kumeneko.

Mwana wanu,
Dyna


Guilleme
2 Malichi 2025

Dyna,

Tadzuka. Nsapato zafika, zamukwana. Mvula yadula masiku ano koma chimanga chatulutsa ngaiyaye bwino.

Ndakhala pansi ndi pensulo. Njere 600, iliyonse itabereka 20, ndi 12,000. Kugawa kwa anthu 6, aliyense 2,000. Kugawa masiku a chaka, munthu mmodzi azidya njere zisanu ndi theka patsiku. Nkhuku yanga imatola zoposa pamenepo isanafike pa dzala. Ndiye ukuti maprofesa akhala pa misonkhano, atavala mataye, kukambirana zimenezi?

Zonse zimene wafotokozazo ndimazichita kuno popanda digiri yachiwiri. Madzi otsukira mbale amathirira mpiru. Makoko a mtedza amapita m'khola, ndowe zimapita kudimba. Kusiyana kwake n'kwakuti ine mpweya sindiupangira makina, ndipo ndikatopa ndi nkhope za anthu a m'nyumba muno ndimatsegula chitseko. Anthu amene akulephera kusamala dziko limene Mulungu anawapatsa laulere, lokhala ndi mvula yake ndi dzuwa lake, akufuna akayambe lina kumene kulibe ngakhale chitedze.

Mbewuyo ndi yochepa, ndipo ndikuona ngati yalowa anankafumbwe.

Undiyankhe mafunso awiri, mosazungulira. Loyamba: amene adzaike njere m'dothi ndani, makina kapena iweyo ndi dzanja lako? Lachiwiri: mwa anzako asanuwo, alipo mayi wachikulire?

Mayi ako,
E. Nankhoma


Mchinji boma
20 Malichi 2025

Asisi,

Zikuyenda? Kuno bho, kungoti bodala yavuta, zitenje za ku Chipata zakwera ngati zapangidwa ndi golide. Iyi ndikulemba ndekha, mayi anu asaione.

Yankho lanu lija ndinawawerengera, loti mudzadzala nokha ndi manja anu katatu pa chaka, ndiponso kuti wamkulu pa gulu lonse ndi bambo wa zaka 44. Amayi ananyamuka, kukatenga mtsuko wa nzama uja kukhitchini n'kukauika kunsi kwa bedi lawo.

Ine ndinati, "Amayi, njere 600 zokha n'chiyani kodi? Anankafumbwe amadya zoposa pamenepo osapempha."

Iwo anati, "Nankafumbwe alibe mwana pakhomo pano."

Ndinati, "Ndiye kuti chiyani?"

Anati, "Ndiye kuti ubweze nkhuku yanga."

Ndinayesa kukuberani, ndisaname. Ali ku Misa ndinatapa zodzaza dzanja limodzi kuti ndiziyamba pang'onopang'ono. Chakumasana anandiitana. "Rodrick, zaperewera 47." Asisi, ndinabweza. Zinalidi 47. Ndipo anankafumbwe mulibemo ndi mmodzi yemwe, zili gwa, zathiridwa phulusa.

Nkhani yeniyeni ndaimva dzulo ku bodala, kwa amayi ena ogulitsa nzama zophika. Ndinkangocheza nawo kuti mlongo wanga akufuna kukalima nzama kumwamba. Anasiya kutapa nzama, kundiyang'ana.

"Mlongo wakoyo ali ndi mwana?"

Ndinati, "Eya, mmodzi."

"Anaikapo wina m'manda?"

Ndinati, "Aaa, mayi, ayi, bwanji kodi?"

Iwo, "Iwe wakulira kuti, ku Joni? Nzama amadzala ndi mayi amene anaikapo mwana m'manda. Wina akadzala, zimamutengera mwana. Kudya idyani nonse, kupalira palirani, koma kuponya njere m'phando ayi."

Kumbukirani bwino. Ife ankatipalitsa nzama, ankatikumbitsa, ankatiswetsa mpaka zala kutupa, koma tsiku lodzala ankatituma kumtedza. Azakhali anandiuzapo kuti mbewuyi Amayi anayamba kuisunga chaka chotsatira chimwalilire achimwene athu a Timoteyo ndi chikuku, ife tisanabadwe. Ndipo mu Disembala wathayu, Lonjezo anangotola njere imodzi kuti awathandize kuponya, anamumenya padzanja mpaka mwana kulira. Amayi, amene sanamumenyepo chibadwire! Anati akuwasokoneza chiwerengero.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Zamkodzo zija, zamasamu zija, n'zongophimbira. Aphunzitsi athu akuopa kuti mukadzala nzama kumeneko, Lonjezo afa kuno. Wina akufuna kulima kumwamba, wina akuopa nyemba. Banja lino wanzeru ndatsala ndekha, amene ndinalephera Fomu 2.

Musanditchule.

Rodi


22 Malichi 2025

Amayi,

Moni. Rodrick wandiuza zonse.

Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Inu amene munkadula zithumwa m'makosi mwa ana ndi sizasi pa mzere wa m'mawa. Inu amene munaimirira pamaliro a kwa Mavwere n'kuuza mudzi wonse kuti mphezi situmidwa ndi munthu. Wapampando wa amayi a kutchalitchi kwa zaka khumi. Lero mukufuna kugwetsa ntchito ya moyo wanga chifukwa cha nthano ya amayi ogulitsa nzama m'beseni?

Kuno atsikana a zaka 20 akhala akudzala nzama m'miphika kuntchito kwathu chaka ndi chaka. Palibe wafa, palibe wadwala ndi chimfine chomwe.

Mukanangonena kuti mukuopa. M'malo mwake mwandinyoza m'makalata awiri, ine, ntchito yanga, anzanga, mpaka madigiri amene inu nomwe munandikakamiza kuti ndikatenge. Kwatsala miyezi iwiri. Perekani njerezo kwa Rodrick.

Dyna


Guilleme
30 Malichi 2025

Dyna,

Tadzuka. Rodrick ndi dengu lobooka kuyambira ali mwana, sindikudabwa.

Sindikukana. Sindikunenanso kuti ndimakhulupirira. Ndawerengera basi. Amayi amene ndikuwadziwa kuno, amene anadzala nzama asanaikepo mwana, alipo atatu. Awiri ana awo ali moyo mpaka lero. Wachitatu wake anapita chaka chomwecho ndi malungo. Ndikudziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ndinkaphunzitsa zimenezo iwe usanabadwe. Ndikudziwanso kuti anthu atatu si chiwerengero choti munthu wophunzira n'kumangirapo mfundo. Atsikana ako a m'miphikawo usandiwerengere, alibe ana oti n'kutengedwa.

Tinene kuti mwayi woti nkhaniyi ndi yoona ndi umodzi pa chikwi. Pa miliyoni ngati ukufuna. Unandilembera wekha kuti m'chitini mwanumo makina alionse alipo awiri, ena akafa anzake amadzuka. Anzeru akowo sakhulupirira pampu imodzi. Ngakhale mwayi woti pampuyo iwonongeke utachepa bwanji, amaikapo yachiwiri, ndipo palibe amene amawatcha mbuli. Iwe uli ndi mwana mmodzi. Winayo ali kuti?

Iwe sudziwa kulemera kwa kabokosi kakang'ono. Ine ndikudziwa. Amakanyamula munthu mmodzi, m'manja, ngati wanyamula wailesi.

Ndipo mayi amene anatha chaka chonse cha 2021 osalemba ngakhale mzere umodzi wofunsa ngati mwana wake wadya, asandiphunzitse za ana. Lonjezo ndamulera ine. Amene ndimadzuka akatentha thupi ndine. Mtsukowo uli pansi pa bedi langa ndipo ukhala pomwepo. Mnyamata wa soyayo akalowe m'chitinimo, akamwe mkodzo wake mosangalala.

Mayi ako,
E. Nankhoma


Mchinji boma
6 Meyi 2025

Asisi,

Muli moyo? Mwezi wonse zii. Foni simukuyankha, alamu a Aleck akungoti muli kuntchito.

Mayi anu akuti alibe nazo ntchito, koma ndikangofika pakhomo, moni asanayankhe, amati, "Kachitsulo kakoko kalankhula?" Ndikati ayi, amati, "Ndimadziwa." Dzulo ndinawapeza atakhuthula nzama zija pa lichero akuziwerenganso. Ndinati zachepa? Anati ayi. Ndinati nanga mukuwerengeranji? Anati ndipite ndikapezeko ntchito.

Lembani chilichonse, ngakhale chipongwe. Chipongwe amachidziwa poyankhira.

Rodi


11 Meyi 2025

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi Lonjezo muli bwino.

Munafunsa kuti winayo ali kuti. Ali kuno, kumanda a kuseri kwa tchalitchi chaching'ono cha m'tauni yathu ino, kumbali imene amaika ana. Dzina lake ndi Tamandani. Anabadwa mu Ogasiti 2021, miyezi isanakwane, ndipo anakhala nafe sabata imodzi. Anabatizidwa kuchipatala. Zala zake zinali zazitali ngati zanu. Pamaliro tinalipo atatu: ine, Aleck ndi wansembe. Kabokosiko ndinanyamula ndine kuchokera pa galimoto. Kulemera kwake ndikukudziwa.

Za mimbayo sindinakuuzeni chifukwa ndinkakumbukira tsiku limene ndinabwera kuchokera ku koleji ndili ndi mimba ya Lonjezo. Simunakalipe. Munatenga pensulo n'kundiwerengera zaka zimene ndataya. Ndipo pokwera basi yopita ku bwalo la ndege munandiuza kuti, "Ubwere ndi pepala, osati ndi mwana wina." Ndinati ndidikire abadwe, mudzamuone pa chithunzi, mtima udzakhale pansi. Atamwalira ndinasowa poyambira. Ndikati ndilembe, ndinkaona mndandanda wanu uja wa pamwamba pa kalata, ndipo sindinkafuna kuti mwana wanga akakhale nambala pakati pa mbuzi ndi nkhuku. Chaka chinatha choncho.

Nzama ndinayamba kuzifufuza kale iye asanabadwe, ndipo za mwambowu sindinkadziwa. Sindikukhulupirirabe. Koma mwa lamulo lanu lomwelo, ndine woyenera kudzala. Lonjezo palibe chimene chimuchitikire. Anatilipirira kale mlongo wake.

Sindikulemba kuti mutumize njerezo. Mukafuna sungani. Ndangotopa ndi ziro uja wa 2021.

Mwana wanu,
Dyna


Guilleme
19 Meyi 2025

Mwana wanga Dyna,

Tadzuka. Kalata yako Rodrick anayamba kundiwerengera, anafika pakati mawu n'kumuthera. Ndinalanda foniyo n'kumaliza ndekha ndi magalasi.

Anthu atatu pamaliro. Kuno nkhuku ikafa ndi chitopa amabwera oposa pamenepo kudzaona. Dziko limene likudziwa kusandutsa mkodzo kukhala madzi akumwa, koma silingapeze amayi anayi oti akhale pansi ndi mnzawo woferedwa, kumusambitsa ndi kumuphikira phala. Ndipo ndi anthu amenewa amene akufuna kukaphunzitsa nyenyezi kakhalidwe. A Aleck nawonso uwauze kuti ndili nawo mawu. Munthu wamkulu ndithu, wa ku Mlonyeni konkuno, wodziwa kuti maliro amauza anthu, n'kukhala chete zaka zinayi ngati wameza mwala.

Sindikuti ndinalakwa masamu. Masamu anali olondola. Manambala amene unandipatsa ndiwo anali operewera. Koma mawu a pa basi aja ndikuwakumbukira, ndipo ndi anga.

Lachisanu ndinapita ku parishi kukalembetsa Misa. Dzulo dzina la Tamandani latchulidwa paguwa, pamodzi ndi la malume ake Timoteyo. Amayi anzanga anandifunsa kuti Tamandani ndani, ndinati mdzukulu wanga. Anabwera kunyumba khumi ndi awiri, tinakhala pamphasa, tinalira mmene anthu amalirira. Zinachedwa koma zachitika. Lonjezo ndamuuza. Anafunsa kuti, "Agogo, ndiye anali wamng'ono bwanji?" Ndinamuonetsa ndi manja. Anapita kuseri kwa khola, anakhalako nthawi, atabwerako anapempha chithunzi. Ngati chilipo tumiza. Ngati palibe, ujambule mandawo, ndione ngati anthu akumenekowo amadziwa kulambula.

Ukuti sunafune kuti akhale nambala pakati pa mbuzi ndi nkhuku. Timoteyo wakhala pa mndandanda umenewo zaka 38. Chimene sindinachilembe chimatayika. Chimene ndachilemba ndimachiona m'mawa uliwonse.

Rodrick wakwera minibasi ya ku Lilongwe m'mawa uno ndi chikalata chako chija ndi phukusi. Akuti onyamula katundu wa pa ndege alifikitsa sabata isanathe. Ndaikamo njere 612, chifukwa pa 100 zilizonse ziwiri sizimera. Ndazisankha imodziimodzi, ndapukuta phulusa poti ukuti safuna dothi la kuno. Zikafika uziwerenge. Mlongo wako ndikumudziwa.

Udzale kuya kwa chala mpaka pa mfundo yachiwiri, njere imodzi pa phando. Usazithirire ngati mpiru, zimadana ndi chinyezi. Zikayamba maluwa uziunjikire dothi m'tsinde, ngati zimene muli nazo m'mashelefumo ndi dothi. Anzako asanuwo asakhudze njere tsiku lodzala, ngakhale profesa. Uwauze kuti akusokoneza chiwerengero, ine ndimatero ndipo zimatheka. Poponya yoyamba utchule dzina la mwanayo. Zimenezi si mwambo, palibe anandiphunzitsa. Ine ndimatchula Timoteyo chaka chilichonse ndipo palibe anandimvapo.

Chitini chanucho ndikuchionabe kuti ndi uchitsiru wa anthu okhuta. Koma mnyamata wa soya asakhale pa mpando wa mwana wanga. Soya ndi chakudya cha nkhumba za pa esiteti.

Za pakhomo pano monga zilili lero:

Chimanga chakale: thumba 1. Chatsopano sitinatonole
Mbuzi: 6
Nkhuku: 12. Rodrick wabweza
Nzama zofiira mumtsuko: 1,840 kuchotsapo 612, zatsala 1,228
Makalata ochokera kwa iwe chaka chino: 3. Mzere wa 2021 ndaufufuta
Ana amene ndinabereka: 3. Amoyo: 2
Adzukulu: 2. Wamoyo: 1
Oyenera kudzala nzama m'banja lino: 2. Ndikanakonda akanakhala mmodzi

Ndine mayi ako,
Esitele Nankhoma